Moni wa Biji

Southall, London

Mnzanga wapamtima,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi ana ndi bambo awo. Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu chafika ndipo ikamakwana 4 koloko madzulo kumakhala kutada kale. Amayi ako uwapatse moni, uwauze kuti chitenje chimene anandipatsa pa tsiku lonyamuka lija ndimachifundabe pamwamba pa bulangeti.

Lamlungu lapitali unandifunsa kuti "haanji" amene ndinayankha munthu wina tili pa foni ndi chilankhulo cha kuti. Ndinangoti ndidzakuuza, chifukwa nkhani yake ndi yaitali, siyokamba munthu uli pa basi. Lero sindikupita kuntchito, ndiye ndati ndikhale pansi ndikulembere monga tinkachitira tili ku sekondale.

Ndikuphunzira Chipunjabi. Sukulu sindinalembetse, akundiphunzitsa ndi agogo ena amene ndimawasamalira m'mawa uliwonse, pamodzi ndi mwana wawo wamkazi. Apabanja pawo amawatcha Biji, ndiye kuti agogo aakazi kapena amayi aakulu a pakhomo, ndipo inenso ndimawaitana choncho. Zaka zawo zapitirira 85. Anabwera kuno m'zaka za m'ma 1960 kutsatira amuna awo amene ankagwira ntchito mufakitale, ndipo iwonso anagwira ntchito nthawi yaitali kubwalo la ndege la Heathrow, lomwe lili pafupi ndi kuno. Mwana wawo akuti Chingerezi ankachilankhula bwinobwino. Koma matenda oiwalaiwala a ukalamba atawagwira, Chingerezicho ndiye chinayamba kuthawa. Chimene chatsala ndi chilankhulo chimene anayamwira kwa amayi awo.

Masabata awiri oyamba anali owawa. Ndikalowa m'chipinda n'kuwapatsa moni m'Chingerezi, ankatembenukira kukhoma atagwiritsitsa chofunda. Kusamba ankakana, mankhwala ankalavula. Sindinkawaimba mlandu. Tangoganiza, munthu wosamudziwa akulowere kuchipinda kusanache bwino, akulankhula zosamveka, kenako ayambe kukuvula zovala. Ndani angavomere? Ndinkatuluka m'nyumbamo mtima ukundiwawa.

Tsiku lina mwana wawo anandiimika kukhitchini n'kundiphunzitsa mawu atatu okha: Sat Sri Akal. Anati ndiphatikize manja pachifuwa, ndiweramitse mutu pang'ono, ndipo kumapeto ndiwonjezere "ji". Ndinayenda ulendo wonse wobwerera kunyumba ndikubwereza chamumtima. Kutacha ndinaima pakhomo pa chipinda chawo, osayandikira bedi, n'kunena kuti, "Sat Sri Akal ji, Biji." Anatembenuka pang'onopang'ono, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatulutsa manja m'bulangeti, anawaphatikiza, n'kuyankha kuti, "Sat Sri Akal, puttar." Puttar ndiye kuti mwanawe. Kwenikweni ndi mwana wamwamuna, koma akuluakulu amaitanira choncho aliyense wamng'ono kwa iwo amene amukonda, ngakhale wamkazi. Tsiku limenelo anasamba.

Moni ameneyu ndi wa Asikh, anthu a chipembedzo chimene anayambitsa Guru Nanak, yemwe anabadwa mu 1469. Sat ndi choonadi, Akal ndi Wosafayo, kunena Mulungu. Amanena pokumana ndiponso posiyana, m'mawa kapena usiku, sasintha monga ife timasinthira "mwadzuka bwanji" ndi "mwaswera bwanji". Poyamba ndinadzifunsa ngati ine Mkhristu ndingamanene mawu a chipembedzo china. Nditamva tanthauzo lake, nkhawa inatha. Kunena kuti Mulungu wosafa ndiye choonadi sikutsutsana ndi chilichonse chimene tinaphunzira kukalasi ya katekisimu.

Koma apa pali posamala, ndipo ine ndinaphunzira nditalakwitsa kale. Chipunjabi sichili ndi moni mmodzi wa aliyense. Nditaona kuti moni uja wanditsegulira khomo kwa Biji, ndinakaupereka kwa bambo ena ogulitsa nyama mumsewu wathu, amene ndinkawamva akulankhula Chipunjabi. Anandiyankha mwaulemu, koma anandiuza kuti iwo ndi Asilamu ochokera ku Pakistan, ndipo moni wawo ndi "Assalamu alaikum", womwe uja timaumva ku Mangochi ndi ku Machinga. Ahindu amati "Namaste". Kwathu tonsewa timangowaphatikiza n'kumati amwenye, koma kuno ndaona kuti ndi mitundu ndi zipembedzo zosiyanasiyana, ndipo ena ali ndi mabala akale pakati pawo. Dziko la Punjab linadulidwa pakati mu 1947, pamene Angerezi ankachoka. Chigawo chakumadzulo, kuphatikizapo mzinda wa Lahore, chinapita ku Pakistan, chakummawa kumene kuli Amritsar chinatsala ku India. Anthu mamiliyoni anathawa m'midzi yawo, Asilamu kulowera uku, Asikh ndi Ahindu kulowera uko, ndipo ambirimbiri anaphedwa m'njira. Chilankhulo chinatsala chimodzi, olankhula ake akupitirira 100 miliyoni, koma moni umasonyeza kuti wamuzindikira munthuyo. Panopa ndikakayikira ndimayamba ndamvetsera kaye mmene ena akumulonjerera.

Chimene ndikufunitsitsa kukuuza ndi ichi. Chipunjabi chili ndi "iwe" ndi "inu". Tu ndi iwe, tusi ndi inu, ndipo tusi yemweyo ndi wa anthu ambiri komanso wa munthu mmodzi wolemekezeka, ndendende mmene timachitira ife. Pamene mwana wa Biji ankandifotokozera zimenezi, ankazungulira kufuna njira yoti ndimvetse, poti anazolowera anthu a Chingerezi amene ali ndi liwu limodzi lokha la mwana ndi la gogo. Ndinamuuza kuti asavutike, kwathu mwana amene wanena "iwe" kwa munthu wamkulu amadzudzulidwa nthawi yomweyo. Anasangalala kwambiri. Kuyambira pamene ndinafika kuno, m'kamwa mwanga munkamveka mwano nthawi iliyonse ndikamalankhula ndi okalamba m'Chingerezi, ndiponso kuwatchula dzina lawo loyamba lopanda kanthu patsogolo. Chipunjabi chandibwezera ulemu umene ndinakula nawo.

Ndiye pali kaliwu kaja "ji". Ife timaika "a" kutsogolo: abambo, amayi, aphunzitsi. Iwo amaika "ji" kumapeto: Papa ji, Mata ji, Baba ji. Amakaikanso pa mayankho. Haan ndi eya, koma kwa munthu wamkulu umati haanji, monga timanenera "inde" modzichepetsa. Nahi ndi ayi, mwaulemu nahi ji. Munthu wamkulu akakuitana umangoyankha kuti "ji", ngati "wawa" wathu uja. Haanji amene unamumva pa foni ndi ameneyo.

Pofunsa za moyo umati, "Tuhada ki haal hai?", muli bwanji. Yankho ndi "Main theek haan", ndili bwino, kenako n'kuwonjezera "Tusi dasso", kunena kuti nenani inuyo, yemwe ndi "kaya inu" wathu. Anyamata mumsewu amangoti "Kiddan?", ngati "zikuyenda?", ndipo winayo amati "Vadhiya", zili bwino kwambiri. Ameneyo sindingayerekeze kumunena kwa Biji. Pofunsa dzina umati "Tuhada naa ki hai?", ndipo podzitchula umayamba ndi "Mera naa", n'kuika dzina lako, n'kutsekera ndi "hai". Kuthokoza kuli ndi mawu angapo: dhannvaad, shukriya, meharbani. Ndaona kuti pakhomo sawanena pafupipafupi monga ife timanenera zikomo podutsa, polandira ndi potsanzika pomwe. Ntchito yambiri ya zikomo wathu kwa iwo imagwiridwa ndi "ji" uja. Ukalakwa umati "Maaf karna ji", ndipo amakuyankha kuti "Koi gall nahi", palibe kanthu.

Mawu amene ndimagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku ndi a m'chipinda cha wodwala. Utho ji, dzukani. Baitho ji, khalani pansi. Aao ji, bwerani. Hauli hauli, pang'onopang'ono. Limeneli ndimalinena mwina kakhumi m'mawa umodzi, tikamayenda kuchoka pabedi kupita kubafa, iwo atagwira choyendera chawo, ine dzanja lili kumsana kwawo. Timawerenga mapazi limodzi: ikk, do, tinn, chaar, panj. Masiku abwino timafika mpaka das, khumi, tisanapume. Panj ameneyo ndi yemwe ali m'dzina la dziko lawo: Punjab ndiye kuti madzi asanu, chifukwa cha mitsinje ya Jhelum, Chenab, Ravi, Beas ndi Sutlej.

Funso limene landithandiza kuposa onse ndi "Kithe dukhda hai?", pakupweteka ndi pati. Sabata ina Biji ankangobuula akamaimirira, ndipo tonse tinkaganiza kuti ndi mawondo, poti gode, mawondo, ndiwo amadandaula nthawi zonse. Nditawafunsa m'chilankhulo chawo, anagwira pamimba n'kunena kuti "ethe, dhidd", apa, m'mimba. Tinaimbira adokotala tsiku lomwelo ndipo anapezadi matenda ofunika mankhwala. Ndikanakhala ndikufunsabe m'Chingerezi, bwenzi tikuwasisita mawondo mpaka liti? Ndikaganiza zimenezi ndimakwiya pang'ono kuti pa maphunziro onse amene anatipatsa tisanayambe ntchito, a kanyamulidwe ka munthu ndi kalembedwe ka mafomu, palibe amene anatipatsa ngakhale pepala limodzi la mawu khumi a chilankhulo cha anthu amene tikukawasamalira. Chonsecho kalembera wa mu 2021 anapeza kuti ku England ndi ku Wales anthu pafupifupi 291,000 chilankhulo chawo chachikulu ndi Chipunjabi, ndipo kupatula Chingerezi ndi Chiwelsh, chimangopitidwa ndi cha ku Poland ndi cha ku Romania basi.

Basi ameneyo wandikumbutsa. Tsiku lina ndikuwathirira tiyi, yemwe iwo amati chaa, anakweza dzanja n'kunena kuti "bas, bas". Ndinaima ndi ketulo m'manja. Ndi basi wathu yemweyo, tanthauzo lakenso lomwelo. Liwuli ndi la Chiperezi, linalowa m'zilankhulo za ku India, ndipo kwa ife linafika kudzera m'Chiswahili cha amalonda a kugombe. Mankhwala nawo amati dawai, pafupifupi dawa amene amanena anzathu a ku Tanzania.

Pa katchulidwe, ife a Chichewa tili ndi mwayi umene azungu alibe. Chipunjabi chimasiyanitsa p ndi ph, t ndi th, k ndi kh, monga ife timasiyanitsira kuponya ndi kuphonya. Choncho khao, idyani, amayamba ngati khasu, ndipo phir, mu "Phir milange", tidzaonananso, ali ngati phiri lopanda i kumapeto. Mnzanga wina wa kuno amatchula th wa mu theek ngati wa m'Chingerezi, lilime lili pakati pa mano, ndipo Biji samumva. Ine anandimva tsiku loyamba, ngakhale th wawo amafuna kuti nsonga ya lilime ipindikire m'mwamba m'kamwa. Pamene ndimavutika ndi pawiri. Pakamwa pathu sipazolowera kutseka liwu popanda a, e, i, o, u, ndiye haal amafuna kutuluka haali. Kwinako ndi r ndi l, amene kwa ife ali ngati amodzi. Kwa iwo kar ndi chita, pamene kal ndi dzulo, ndiponso kal yemweyo ndi mawa. Umadziwira pa mneni kuti akunena tsiku liti.

Chinanso chofanana ndi chathu ndi kukweza ndi kutsitsa mawu. Ukudziwa mmene mtengo wa m'nkhalango umasiyanirana ndi mtengo wa pamsika, zilembo zomwezo koma kamvekedwe kosiyana. Chipunjabi chilinso choncho. Liwu la hatchi amalilemba ghora, koma potchula limayamba ngati k ndipo mawu amatsika. Ukalephera kutsitsa, wanena kora, chikwapu. Nyumba, kwawo kwa munthu, amalemba ghar, koma limamveka ngati kar wotsitsa mawu. Amene amaphunzira pongowerenga zilembo za Chingerezi pa intaneti amasochera pamenepa. Ine ndimapempha mwana wa Biji kuti anditchulire pa WhatsApp, n'kumamvetsera ndili pa basi.

Maina a achibale ndi pamene ndinadzimva kuti ndili pakati pa anthu oganiza ngati ife. Mng'ono wa bambo ndi chacha, mkulu wa bambo ndi taya, ndiye kuti bambo aang'ono ndi bambo aakulu. Mlongo wa bambo ndi bhua, azakhali. Mchemwali wa mayi ndi masi. Ndipo tamvera iyi: malume amati mama. Tsiku loyamba kumva mdzukulu wa Biji akuitana bambo wandevu, wa nduwira kumutu, kuti "mama ji", ndinachita kufunsa kawiri. Agogo nawo amawasiyanitsa, akuchimuna ndi dada ndi dadi, akuchikazi ndi nana ndi nani.

Za chakudya ndikadakhala nawe pafupi bwenzi nditakuphikira. Akafuna kufunsa ngati wadya amati "Roti kha lai?", ndipo roti, kamkate kopyapyala kophika pachiwaya, kamaimira chakudya chonse, monga ife timati sindinadye ngati sitinadye nsima. Chakudya chimene amachinyadira nyengo yozizira ndi makki di roti ndi sarson da saag. Makki ndi chimanga, sarson ndi mpiru. Mpiru, mnzanga, womwe uja wa kudimba kwa amayi ako! Amauphika nthawi yaitali pamodzi ndi masamba ena mpaka usanduke phala, amathiramo kaufa ka chimanga, adyo ndi tsabola, pamwamba n'kuika batala. Mpongozi wa Biji atandiikira m'mbale, fungo lake linandifikitsa ku Chinamwali nthawi yomweyo. Ndinadya ndi manja, iwonso amadya ndi manja, ndipo panalibe wondiyang'ana modabwa.

Mwezi watha banjali linanditenga kupita ku gurdwara, nyumba yawo yopemphereramo, yaikulu ya mu Havelock Road imene inatsegulidwa mu 2003. Polowa umavula nsapato, umasamba m'manja, ndipo aliyense, mwamuna kapena mkazi, amafunda kumutu. Ine ndinamanga duku langa. Kumeneko ndinamva moni wina wautali umene amapatsana Asikh odzipereka: "Waheguru ji ka Khalsa, Waheguru ji ki fateh", kunena kuti Khalsa ndi ya Mulungu, kupambana ndi kwa Mulungu. Khalsa ndi gulu la obatizidwa limene anakhazikitsa Guru Gobind Singh mu 1699. Umenewo ndimangoumvetsera, ndimaona kuti ndi wa eni ake. Tikatha mapemphero tinapita ku langar, chakudya chaulere chopanda nyama chimene amaphikira aliyense wobwera, tsiku lililonse, osafunsa chipembedzo kapena mtundu. Tinakhala pansi m'mizere, olemera ndi osauka pamodzi. Mayi wina wogawa nyemba anandiuza kuti "Ji aayan nu", takulandirani, ndipo ine ndinayankha chiganizo chimene ndinachikonzekera sabata yonse: "Mainu Punjabi thodi thodi aundi hai", Chipunjabi ndimachidziwa pang'ono chabe. Anaitana anzake awiri kuti adzamve ndikubwereza.

Pafupi nane panakhala bambo okalamba amene anabadwira ku Nairobi. Atamva kuti ndine wa ku Malawi anati, "Nyasaland", n'kundikumbutsa zimene tinaphunzira m'kalasi ya mbiri koma ndinaziiwala: kuti mu 1891 Harry Johnston anabweretsa asilikali achisikh kuchokera ku India, ndipo anamenya nawo nkhondo za kwa Makanjira ndiponso ya kwa Mlozi ku Karonga mu 1895. Iwo ankanena monyadira kuti anathandiza kuthetsa malonda a akapolo. Ine ndinkaganizanso kuti mfuti zomwezo ndi zimene zinakhazikitsa boma la atsamunda ku Zomba. Zonse ziwiri ndi zoona, ndipo tinakambirana mwaulemu mpaka tiyi anazizira. Ukamadutsa pa chikumbutso cha asilikali cha ku Zomba uzikumbukira kuti Sat Sri Akal anamvekapo m'tauni mwanumo zaka zoposa 130 zapitazo.

Kulemba sindinafike patali. Ku India amalemba m'zilembo za Gurmukhi, zokwana 35 zoyambirira, zimene anazikonza Guru Angad, mtsogoleri wachiwiri wa Asikh. Zimalendewera pa mzere wa pamwamba ngati zovala pachingwe. Ku Pakistan amalemba Chipunjabi chomwecho m'zilembo zochokera ku Chiarabu, zotchedwa Shahmukhi, kuyambira kumanja kupita kumanzere. Pa siteshoni ya sitima ya kuno dzina la Southall linalembedwa m'Chingerezi ndi m'Gurmukhi, ndipo ndi pamenepo ndinaphunzirira zilembo zanga zoyamba ndikudikira sitima.

Pali chiganizo chimodzi cha Biji chimene sindinachite kuphunzitsidwa, ndinangochimva kambirimbiri mpaka ndinafunsa tanthauzo. Amati, "Main ghar jaana", ndikufuna kupita kwathu. Amanena ali m'nyumba imene akhalamo zaka zoposa makumi asanu. Mwana wawo akuti kwawo kumene akunenako ndi mudzi wina pafupi ndi Lyallpur, mzinda umene lero ukutchedwa Faisalabad, ku Pakistan. Anachokako ali kamtsikana mu 1947, pangolo ya ng'ombe, ndipo sanabwerereko. Kale ndinkawayankha kuti kwanu ndi konkuno, ndipo ankalira. Panopa ndimakhala m'mphepete mwa bedi n'kunena kuti, "Haanji Biji, dasso", inde agogo, nenani. Amayamba kulankhula, za chitsime, za njati zoweta, za amayi awo. Ndimatolamo mawu ochepa, paani, madzi, dudh, mkaka, kanak, tirigu, zambiri zimandidutsa. Ndikasochera ndimati "Mainu samajh nahi aayi", sindinamve, ndipo amabwereza mosatopa. Nthawi zina inenso ndimawauza za kwathu m'Chichewa, za mapiri a Zomba ndi mvula yoyamba, iwo n'kumagwedeza mutu ndi kunena "haan, haan".

Dzulo nditamaliza kuwapesa tsitsi, lomwe sanalidulepo chibadwire monga mwa chipembedzo chawo, anandigwira pamutu ndi manja onse awiri n'kunena kuti, "Jiundi reh, puttar." Ndiye kuti khala ndi moyo, mwanawe. Ndi mmene akuluakulu amadalitsira mwana wamkazi. Chimwalirire agogo anga a ku Thondwe, palibe amene anandigwirapo pamutu choncho.

Ndikupemphe kanthu. Uwajambule amayi ako pa foni akuphika mpiru wotendera, kuyambira posadzula mpaka pothira nsinjiro, unditumizire. Mpongozi wa Biji sakukhulupirira kuti mpiru ungaphikidwe ndi mtedza, ndipo ndamulonjeza kuti ndidzawaphikira Loweruka la mawa lino. Undiuzenso za mayeso a mwana wako wamkulu, sunanene kanthu chilembereni.

Potsanzika iwo amati "Rabb rakha", Mulungu akusunge. Rabb rakha, mnzanga. Ndidzaimba Lamlungu tikaweruka kutchalitchi.

Ndine mnzako wa kale ndi kale.